Msonkhano wa Misasa Kwathu ku Nsambe

Kuno kumapiri a Neno, m'mabanja a Seventh-day Adventist ngakhalenso mwa anansi awo, chaka chimawerengedwa ndi zinthu ziwiri: mvula yoyamba ndi msonkhano wa misasa. Wangongole amalonjeza kuti, "Ndidzakupatsani tikachoka ku misasa." Mayi akafunsidwa kuti mwana anabadwa liti, satchula deti, amangoti anabadwa misasa itangotha. Mnyamata wofuna mbeta amadziwa kuti akaphonya chaka chino, adikira mpaka udzu udzaumenso. Ine ndinakulira m'mawerengedwe amenewa, ndipo ndikufuna kufotokoza kumene mwambowu unachokera, chifukwa ambiri mwa ana athu amauona ngati pulogalamu yochokera ku ofesi ya mpingo, pamene ndi chinthu chimene agogo awo anachisenza pamutu.

Msonkhano wa misasa ndi wa pafupifupi mlungu wathunthu, kamodzi pachaka, m'nyengo yachilimwe, kawirikawiri m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala. Mipingo ingapo yoyandikana imasonkhana pamalo amodzi, anthu n'kugona pomwepo, kudyera pomwepo, kupemphera ndi kuimba usana ndi usiku mpaka Sabata lalikulu lotsekera.

Si ife tokha padziko amene tili ndi chikondwerero chotere. Pa chilumba chaching'ono cha Malta, m'nyanja ya Mediterranean, mudzi uliwonse uli ndi woyera mtima wake, ndipo chilimwe chikafika mudziwo umachita phwando lake. Amakongoletsa tchalitchi ndi misewu, amanyamula chifanizo cha woyerayo pamapewa n'kuzungulira nacho mudzi, mabandi a malipenga akuimba, usiku n'kuphulitsa makombola owala kumwamba. M'chaka cha 2023 bungwe la UNESCO linaika maphwando amenewa pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, womwewo umene uli ndi Gule Wamkulu wathu. Anthu a ku Malta ndi Akatolika, ndipo pa maonekedwe phwando lawo likuyandikira kwambiri maulendo achipembedzo a abale athu a ku Neno Parish, kumene ansembe a chipani cha Montfort anakhazikika mu 1906. Ife ku misasa tilibe chifanizo, tilibe makombola. Komabe chondikoka mtima pa nkhani ya ku Malta ndi chakuti phwandolo amalikonza ndi eni mudzi, mwa kudzipereka, chaka chonse, ndipo ana a mudziwo amene anapita kutali amayesetsa kubwerera kwawo m'masiku amenewo. Misasa yathu inakhalitsanso pa chifukwa chomwechi.

Mbewu yake inachokera ku America. Kumeneko, m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, alimi okhala motalikirana, opanda matchalitchi pafupi, ankabwera pa ngolo n'kumanga matenti m'tchire kuti amve alaliki kwa masiku angapo. Mpingo wa Seventh-day Adventist utakhazikitsidwa mu 1863 unatengera njira imeneyi, ndipo msonkhano wake woyamba wa misasa unachitikira ku Wright, m'dera la Michigan, mu Seputembala 1868, pamunda wa mlimi wina wa mpingowo. James White ndi mkazi wake Ellen White anali m'gulu la olalikira. Maziko a m'Baibulo anawapeza pa Levitiko 23, pamene Aisraeli analamulidwa kukhala m'misasa masiku 7 atatha kukolola, pokumbukira ulendo wa m'chipululu. Mpaka lero abusa ambiri otsegulira msonkhanowu amayambira pa mutu umenewu.

Ku Nyasaland mpingowu unafika mu 1902, pamene unagula malo a Plainfield ku Thyolo, amene mmishonale Joseph Booth anali atayambitsa. Amene anatsala kuyendetsa ntchitoyo anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, pamodzi ndi banja lake. Mu 1907 kunabwera Joel Rogers, ndipo malowo anapatsidwa dzina lakuti Malamulo. Chaka chotsatira, mu 1908, mishoni yachiwiri inatsegulidwa kuno kwathu, pa Matandani. Amishonale achizungu oyamba kukhalapo anali Samuel Konigmacher ndi mkazi wake, koma dzina limene ndimafuna ana a sukulu za ku Neno azilidziwa ndi la Peter Nyambo. Uyu anali Mngoni wa ku Ntcheu amene anakaphunzira ku England, ndipo mu 1906 anapita ndi mmishonale Arthur Carscallen kukayambitsa ntchito ya mpingo ku Gendia m'dziko la Kenya. Atabwerera kwawo anagwira ntchito pa Matandani m'masiku oyambirirawo. Pambuyo pake anasiyana ndi mpingo n'kulowa m'nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda, ndiye chifukwa chake dzina lake silimveka kawirikawiri paguwa. Ine ndikuona kuti kumuiwala n'kulakwa. Mbiri ya mishoniyi inalembedwa bwino ndi Yonah Matemba m'buku lake lonena za Matandani, ndipo wofuna maina ndi zaka zambiri akalifunefune.

Kuchokera pa Matandani uthenga unayenda ndi aphunzitsi a sukulu za m'midzi. Mphunzitsi ankatumizidwa kumudzi, mfumu ikalola, anthu n'kumanga kasukulu kaudzu. Mkati mwa mlungu ankaphunzitsa kuwerenga ndi masamu, pa Sabata yemweyo n'kukhala mlaliki. Umu ndi mmene mpingo unakwerera mapiri ano mpaka kufika ku Nsambe, kumene lero kuli chipatala chaching'ono cha mpingo womwewu. Koma mphunzitsi sanali m'busa wodzozedwa. Sakanatha kubatiza kapena kudyetsa mgonero. Abusa odzozedwa anali owerengeka, njira zinali za miyendo, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje inkatseka maulendo. Amishonale anaona kuti n'kwapafupi kuitana anthu onse pamalo amodzi kamodzi pachaka: obatizidwa abatizidwe, chakhumi chiperekedwe, milandu ya mumpingo iweruzidwe, aphunzitsi alangizidwe.

Chimenecho chinali chifukwa cha amishonale. Chifukwa cha anthu athu chinali china, ndipo ndi chakale kuposa Matandani. Kuyambira makolo, chilimwe ndiyo inali nyengo ya kusonkhana. Nkhokwe zikadzaza, khasu likapachikidwa, ndi pamene kunkachitika zinamwali, maukwati, mowa wokumbukira akufa, ngoma ya Angoni ndi magule a Amang'anja. Mpaka lero Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Ntcheu ndi Kulamba kwa Achewa ku Mkaika zimachitika m'nyengo yomweyi. Munthu akalowa mpingo ankauzidwa kuti asiye mowa, fodya, gule ndi nsembe za mizimu. Ankasiya, koma njala ya kukhala pakati pa khamu, kuimba ndi anzake mpaka usiku, kudya ndi alendo, siinkachoka. Misasa inalowa pamalo pamene panatsala popanda kanthu. Sindibisa kuti pa kusinthaku tinatayapo zina zimene sizinali zoipa. Nyimbo zambiri za ngoma zinali mbiri ya mtundu, ndipo zinaletsedwa pamodzi ndi zina zonse popanda wofunsa kuti zikunena chiyani. Agogo anga aamuna ankazidziwa, koma anapita nazo kumanda osatiphunzitsa ngakhale imodzi, chifukwa ankaopa kutilakwitsa.

Za misasa yakale ndinazimva kwa agogo anga aakazi, amene ankapita ku Matandani wapansi ali mtsikana. Kukonzekera kunkayamba mwezi wathunthu msonkhano usanafike. Amayi ankakonola chimanga, kuviika mphale, kusinja ndi kuyanika ufa woyera, chifukwa kupita ku misasa ndi mgaiwa kunali kudzichotsa ulemu pamaso pa alendo. Ankasankha nyemba, kupatula mfutso wabwino, kusinja nsinjiro, kumeretsa chimera cha thobwa. Thobwa la ku misasa linali lotsekemera, la tsiku limodzi kapena awiri. Likayamba kuwawasa madikoni ankalamula kuti litayidwe. Abambo ankatsogola masiku angapo ndi nkhwangwa ndi zikwakwa kukadula nsichi, kusenda luzi ndi kumweta tsekera. Mudzi uliwonse unali ndi chigawo chake, ndipo chaka ndi chaka unkabwerera pamalo pomwepo, moti munthu wofuna mbale wake sankasochera. Amuna ankagona kwaokha, akazi ndi ana kwaokha. Msasa unali mpanda wa udzu, wina wofolera pamwamba, wina wongotchinga mphepo, pansi atayala udzu wofewa ndi mphasa. Pakati pa zonse ankamanga chimpanda chachikulu pansi pa mitengo, ndi kachisakasa ka olalikira kutsogolo, mipando yake ili mitengo yogoneka.

Tsiku lonyamuka, mzere wa anthu unkatsika ndi kukwera zitunda. Agogo ankati mtsikana aliyense anali ndi dengu la ufa pankhata, mphika pamwamba pake, mthiko ndi chipande zitasomekedwa m'mbali, mwana wa mchemwali wake ali kumbuyo. Anyamata ankanyamula mphasa ndi nkhuku za chakhumi zitamangidwa miyendo. Masiku amenewo chakhumi sichinali cha ndalama chokha: munthu ankawerenga mitanga ya chimanga chake, wakhumi n'kupatula, ndipo chimodzimodzi nkhuku, mazira ndi mbuzi. Akayandikira mishoni ankaima pamtsinje kusamba, kuvala nsalu yosungira tsikulo, n'kulowa akuimba. Amene anafika kale ankatuluka kudzawalandira katundu. "Takulandirani aNangozo, mwayenda bwanji? Kumudzi mwasiya kuli bwanji?" Moni wake sunkatha msanga, chifukwa ena anali asanaonane chaka chathunthu, ndipo maliro onse a chakacho ankapepesedwa pomwepo, pakhomo pa msasa.

Amene sanagonepo kumapiri a Neno mwezi wa Ogasiti sangamvetse chimene anthuwa ankapirira. Kuno n'kumtunda, kumalire ndi Mozambique, kumene timalima mbatatesi ndi tirigu chifukwa cha kuzizira. Mphepo ya m'bandakucha imalowa m'mafupa. Komabe chitsulo chikalira kusanache, anthu ankadzuka atafunda magombeza kupita ku pemphero la m'mawa. Ine ndinazipeza zimenezi zikadalipo ndili mwana. Ndimakumbukira amayi akundigwedeza: "Iwe, dzuka, anzako apita kale." Ndimakumbukira utsi wa moto wambiri utayala pamwamba pa misasa, ndi mawu a anthu mazanamazana akuyamba nyimbo ya m'buku la Khristu mu Nyimbo popanda limba kapena ng'oma, mawu anayi onse atakwanira. Anthu ambiri achikulire sankadziwa kuwerenga, koma ankangomva nambala ya nyimbo n'kuyamba, ndime zonse zili pamtima.

Tsiku linkayenda mwadongosolo. Pemphero la m'mawa likatha, phala kapena mbatata. Kenaka phunziro la Baibulo, makamaka maulosi a Danieli ndi Chivumbulutso, ndi zithunzi za zilombo zojambulidwa pansalu zimene ife ana tinkaziopa ndi kuzikonda. Masana anthu ankagawikana: amayi a Dorika kwaokha, abambo kwaokha, achinyamata ndi ana kwaokha. Apa ndi pamene misasa inagwira ntchito imene kale inali ya anamkungwi. Amayi achikulire ankalangiza atsikana ndi ongokwatiwa kumene za m'banja, za ukhondo, za kulera ana ndi kusamala odwala. Kunkakhalanso phunziro la zaumoyo: kuwiritsa madzi, kukumba chimbudzi, kupewa fodya ndi kachasu. M'dera limene chipatala chinali kutali ndipo msewu unali wovuta, phunziro ili linapulumutsa ana ambiri. Usiku kunali ulaliki waukulu, nyali zitapachikidwa pamitengo, ndipo pomaliza mlaliki ankaitana ofuna kudzipereka kuti abwere kutsogolo.

Lachisanu ndi tsiku lokonzekera, ndipo kwa amayi ndilo linali tsiku lolemera kuposa onse. Chakudya chonse cha Sabata chimayenera kupsa dzuwa lisanalowe. Mafuwa ankayaka kuyambira m'mawa: nyemba, mbatatesi, nkhuku, chigumu chophikidwa m'mphika makala ali pamwamba. Nkhumba, mbewa ndi mlamba sizinkaponda pamenepo. Ana tinkasambitsidwa ndi madzi ozizira, kudzozedwa mafuta, zovala zathu zitasitidwa ndi simbi yamakala yobwerekana msasa ndi msasa. Dzuwa likamapendeka, phokoso lonse la mitondo ndi nkhwangwa linkaleka, anthu n'kusonkhana kutsegulira Sabata, ndipo paliponse umangomva, "Sabata labwino, amayi." "Sabata labwino, bambo."

Pa Sabata lenilenilo kunkabwera ndi anthu a mipingo ina omwe, ngakhalenso osapemphera. Mafumu ankapatsidwa mipando kutsogolo. Mpingo uliwonse unkatchulidwa dzina ndi chopereka chake cha misasa. Koma chimake cha zonse chinali kumtsinje. Anyamata ankatseka madzi ndi miyala ndi matope kuti pakhale dziwe lofika m'chiuno. Obatizidwa, amene pa nthawi ya agogo ankakhala m'kalasi nthawi yaitali asanavomerezedwe, ankaima pamzere, abusa ali m'madzi, khamu lili m'mbali zonse za mtsinje likuimba. Aliyense akavuuka, mayi wa Dorika ankamufunditsa nsalu n'kumutengera kukampanda kosinthira. Madzi a kumapiri kuno m'nyengo imeneyi ndi ozizira koopsa, ndipo abusa ankaimamo mpaka womaliza. Ine ndinabatizidwa m'madzi otero, ndipo amene anandifunditsa nsalu anali mayi wa mudzi wina amene sindinkamudziwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamutcha amayi mpaka pamene anamwalira.

Misasa inasunganso mabanja pa nthawi imene amuna ankathera kunja. Msonkho wa atsamunda unatuma amuna ambiri a dera lino ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown, koma ulendo wa kummwera sunathe, ndipo lero zidzukulu zawo zili ku Johannesburg ndi Cape Town. Wobwera kutchuthi ankayesetsa kuti afike nthawi ya misasa, kumene akaonane ndi abale onse pakamodzi. Makalata ndi ndalama zochokera kwa otsala kunjako zinkaperekedwa pomwepo. Mayi amene mwamuna wake anatchona ankayenda msasa ndi msasa kufunsa obwera kumene ngati anamuonako. Ndipo pamapemphero a m'mawa, dzina la wotchona linkatchulidwa pamodzi ndi la wodwala.

Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu ochokera m'chigawo cha Tete anadzaza midzi ya m'malire. Kwa ife sanali alendo enieni. Chilankhulo n'chimodzi, mafuko ndi amodzi, ena ndi azibale a magazi. M'zaka zimenezo, mpaka mtendere utasainidwa mu 1992, ku misasa kunkafika anthu opanda ufa, opanda mphasa. Lamulo losalembedwa linali lakuti pa misasa palibe wogona ndi njala. Amayi anga ankaphika nsima yoposa ya banja lathu tsiku lililonse, ndipo ndikafunsa ankangoti, "Mwana wanga, eni ake abwera." Ena mwa anthu amenewo atabwerera kwawo anakayambitsa mipingo kutsidyako, ndipo ana awo amawolokabe malire kudzakhala nafe.

Zambiri zasintha, ndipo zina zasintha bwino. Mipingo yachuluka, moti palibenso chifukwa choti aliyense ayende ulendo wautali kupita ku mishoni. Misasa imachitika m'malo angapo, kufupi ndi anthu, ndipo okalamba ndi olumala amene kale ankatsala kumudzi tsopano amafika. Neno anakhala boma palokha mu 2003 atapatulidwa ku Mwanza, ndipo kuyambira 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi zipatala za m'bomali, kotero mwana akadwala pa msonkhano thandizo lili pafupi kuposa kale. Njinga zamoto za kabaza zimanyamula matumba a ufa amene kale ankathyola makosi a atsikana. Kuli zokuzira mawu, majenereta ndi magetsi a sola. Makwaya amabwera ndi mayunifolomu, ana a Pathfinder amaguba mokongola, ndipo wachibale ali ku Joni amamvera ulaliki pa foni.

Koma pali zina zimene zimandidetsa nkhawa, ndipo ndizinena poyera. Choyamba, ambiri sagonanso pa misasa. Amabwera m'mawa n'kubwerera madzulo, ena amangofika pa Sabata lokha atavala bwino. Zifukwa zake n'zomveka: mbava zimathyola nyumba zosiyidwa, mbatatesi za kudimba zimafuna kuthirira, udzu ndi mitengo zasowa chifukwa mapiri tawameta ndi makala ndi moto wolusa. Komabe munthu wongobwera masana amamva ulaliki koma sakhala ndi anzake pamoto usiku, ndipo pamoto paja ndi pamene odana ankayanjanitsidwa, achinyamata ankamva mbiri ya mabanja awo, amasiye ankapeza wowamvera. Chachiwiri ndi ndalama. Chopereka cha misasa chinalipo kuyambira kale, koma pamene nthawi yochuluka ya Sabata ithera pa kuwerenga kuti mpingo uti wapambana unzake, mayi wosauka amene wabwera ndi kambale ka nyemba amakhala pansi mwamanyazi. Mwambo uwu unamangidwa ndi anthu onga iyeyo. Chachitatu, zokuzira mawu ndi malimba amagetsi zachititsa khamu kukhala chete n'kumaonerera kwaya, pamene kale khamu lonse ndilo linali kwaya.

Mu 2020, boma litaletsa misonkhano ya anthu ambiri chifukwa cha Covid-19, tinaona mmene chaka chimakhalira popanda kusonkhana monga mwa masiku onse. Maulaliki tinawamva pa wailesi, ndipo anali abwino. Koma okalamba a m'mudzi mwathu ankadandaula za anthu: sanaone mlongo wawo wa kutsidya la mtsinje, sanapepese maliro, sanaone zidzukulu zobadwa chaka chimenecho.

Sindikunena kuti tibwerere kumweta tsekera amene kulibe, kapena kuti titaye sola. Tenti ndi chipinda cha sukulu zingathe kugwira ntchito ya msasa ngati anthu agonamo pamodzi ndi kudyera m'mbale imodzi. Akulu a mipingo angathe kukonza zoti anyamata azisinthana kulonda midzi kuti mabanja asaope kugona kumsonkhano. Pamalo pochitira misasa tingabzale mitengo yathuyathu kuti nsichi ndi mthunzi zisamasowe. Pa pulogalamu payenera kukhala nthawi yoti khamu liziimba lokha, magetsi atazimitsidwa.

Ndipo inu achinyamata amene muli ndi mafoni ojambula mawu, amayi ndi abambo amene anayenda wapansi kupita ku Matandani atsala ochepa kwambiri. Misasa ya chaka chino ikafika, khalani nawo pansi, muwafunse njira imene ankadzera, mitsinje imene ankabatiziramo, maina a aphunzitsi amene anatsegula sukulu za m'midzi yathu, ndi amayi amene ankaphikira khamu lonse lija. Jambulani, lembani, ndipo kope limodzi mukalisiye kwa mlembi wa mpingo wanu.